Zaka zitatu pa benchi: zomwe zinamuchitikira Joe Burrow asanatchuke

Timu ya mpira wa ku America ya pa yunivesite yaikulu imakhala ndi anyamata pafupifupi 100 kapena kupitirira, koma pa malo a quarterback pamalowa munthu mmodzi yekha. Olandira mpira amasinthana, othamanga nawo amasinthana, ogwetsa adani nawonso amapumitsana, koma quarterback ali ngati goloboyi: wachiwiri wake akhoza kutha chaka chathunthu yunifolomu yake isanade, akungodikira kuti mnzake avulale kapena timu itsogole ndi mapointi ambiri zedi. Makolo ambiri amene ana awo akusewera malo amenewa m'masekondale a ku America sayiganizira nkhani imeneyi tsiku limene kalata ya sukulu yotchuka yafika pakhomo. Amaona dzina la sukulu, amaona bwalo lodzaza anthu 100,000, basi mtima nkukhala m'malo.

Joe Burrow anthu amamudziwa ndi mmene anathera ku koleji: chikho cha dziko lonse ndi timu ya yunivesite ya Louisiana State (LSU), mphoto ya Heisman ya wosewera wopambana onse m'makoleji, ndi kukhala woyamba kusankhidwa kulowa mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, mu 2020. Koma pakati pa ulendo wakewo pali zaka zitatu zimene anaponya mpira ka 39 kokha pa masewero enieni. Chimene chinamutsegulira chitseko chotulukira mmenemo chinali digiri imene anamaliza chaka chathunthu nthawi isanakwane. Ndikufuna tiyende naye kuyambira pachiyambi, tikuima pamene pali zofunika kuti kholo kapena mnyamata azidziwiretu.

Kwa amene masewerowa ndi achilendo: timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpira mayadi 10, ndipo ikakwanitsa imayambanso kuwerenga. Quarterback ndiye amalandira mpira kuchokera kwa center, wosewera wapakati pa mzere wakutsogolo, nkusankha kuti aupereke kwa wothamanga, athamange nawo yekha, kapena auponye. Akafuna kuponya amakhala ndi masekondi awiri kapena atatu anthu olemera makilogalamu 120 asanamugwere. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiyo touchdown, mapointi 6. Mpira ukawakhidwa ndi mdani imeneyo ndi interception, ndipo palibe chimene chimabweza quarterback pa benchi msanga kuposa chimenechi.

Joe anabadwa pa 10 Disembala 1996 ku Ames, m'chigawo cha Iowa. Bambo ake, a Jim Burrow, anasewerapo ku yunivesite ya Nebraska kenako nkukhala mphunzitsi wa mpira, ndipo akulu ake awiri, Jamie ndi Dan, nawonso anasewera ku Nebraska komweko. Mu 2005 bambowa analembedwa ntchito ku Ohio University, banja nkusamukira ku Athens, kummwera chakummawa kwa Ohio, dera la mapiri ndi midzi yosauka kumene migodi ya malasha inatsekedwa kalekale. Kumeneko ndi kumene Joe anakulira.

Anakhala quarterback woyamba wa Athens High School kuyambira 2012 mpaka 2014. Sukuluyi inali isanapambanepo mu ndime ya chipulula, koma m'zaka zitatu zakezo inapambana kasanu ndi kawiri. Anaponya mayadi 11,416 ndi matouchdown 157, nkuthamanga mayadi ena oposa 2,000. Chaka chomaliza anaponya matouchdown 63 ndi mainterception awiri okha, ndipo anapatsidwa mphoto ya Mr. Football, ya wosewera wopambana onse m'masekondale a Ohio. Basketball ankaitha mofananamo. Mu Disembala 2014 Athens inafika mu ndime yotsiriza ya gulu la Division III la masekondale a Ohio, pa bwalo la Ohio Stadium ku Columbus, nkugonja 56 kwa 52 ndi Toledo Central Catholic ngakhale iye anaponya matouchdown 6. Kugonja kotero, utachinya mapointi 52, pa masewero ako omaliza ndi anzako amene unakula nawo, kumapweteka kuposa kuswedwa koonekeratu.

Mwina mungaganize kuti mnyamata wa manambala otere masukulu onse ankamulimbirana. Sizinali choncho. Ofufuza osewera ankati adani amene Athens inkakumana nawo anali timasukulu ting'onoting'ono, ndiye manambalawo ankawaona mopepuka. Ena ankakayikira mphamvu ya mkono wake. Ku ndime yomaliza ya Elite 11, kumene amasonkhanitsa maquarterback apamwamba a m'masekondale, sanamuitane. Nebraska, sukulu ya bambo ake ndi akulu ake, kumene iye ankalakalaka, sinamupatse sikolashipi.

Apa pali choyamba chofunika kudziwa. Ngati mwana wanu akusewera m'dera limene makochi sapitapitako, manambala paokha samugulitsa. Makochi amafuna kuona filimu, ndipo filimu yabwino ndi yaifupi, ya mphindi zitatu kapena zinayi, yoyamba ndi mipira yovuta kuponya: wopita kumbali yakutali ya bwalo, wodutsa pakati pa otchinga awiri, woponyedwa mdani ali pamphuno. Akatha pamenepo amapempha masewero athunthu kuti aone zimene mnyamata amachita akalakwitsa. Chinanso ndi makampu a m'mwezi wa Juni amene mayunivesite amachititsa okha, kumene kochi amaima pambali nkuona mpira ukuchoka m'dzanja. Ulendo wa kumeneko, malo ogona ndi ndalama yolembetsera zonse ndi za banja, choncho nkwanzeru kusankha masukulu awiri kapena atatu amene asonyezadi chidwi kusiyana ndi kuthera ndalama kuzungulira dziko lonse.

Za m'kalasi nazo zimayamba kuwerengedwa kuyambira giredi 9. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'mayunivesite, limafuna kuti wosewera wa gulu lapamwamba la Division I akhale atamaliza maphunziro 16 ovomerezeka, GPA yake (avareji ya magiredi) pa maphunziro amenewo isatsike pa 2.3, ndipo 10 mwa 16 amenewo akhale atawamaliza chaka chomaliza cha sekondale chisanayambe. Si phunziro lililonse la pa sukulu limene limawerengedwa; sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake ku NCAA Eligibility Center, ndipo kholo liyenera kuuona ndi maso ake. Banja limene linasamukira ku America mwana atayamba kale sekondale kumudzi liyenera kutumizanso malipoti a sukulu yakumudziyo, ndipo zimenezi zimatenga nthawi.

Amene anamukhulupirira Joe anali a Tom Herman, omwe ankaphunzitsa maquarterback ku Ohio State, yunivesite ya ku Columbus yosiyana ndi Ohio University, pansi pa kochi wamkulu, a Urban Meyer. Iwo ndi amene anamumenyera nkhondo kuti apatsidwe malo, ndipo mu Meyi 2014 Joe analonjeza kuti apita ku Ohio State. Mu Disembala chaka chomwecho a Herman analembedwa ntchito ya kochi wamkulu ku Houston. Joe anasainabe mu Febuluwale 2015, koma anafika pa sukulupo munthu amene ankamufunitsitsa uja atachoka. Maquarterback anawatenga a Tim Beck, ndipo mu 2017 anabwera a Ryan Day. Zimenezi zimachitika chaka ndi chaka, ndipo timu ikamachita bwino mpamenenso makochi ake amabedwa msanga. Funso loyenera kufunsa musanalonjeze ndi lakuti, kupatula kochi amene akutiimbira foniyu, ndaninso pa timupo amene waona filimu ya mwanayu ndipo akumufuna? Ngati kochi wamkulu akungomudziwa dzina lokha, dziwani kuti mwana wanu watsamira munthu mmodzi.

Chachiwiri chinali masamu amene aliyense akanatha kuchita papepala. Ohio State inali itangotenga chikho cha dziko lonse mu Januwale 2015 ndi Cardale Jones, amene anali wachitatu pa mzere. Patsogolo pake panali J.T. Barrett, ndi Braxton Miller amene pambuyo pake anasamukira ku malo olandira mpira. Barrett anali ndi ufulu wosewera mpaka 2017. Ndiye kuti ngakhale zonse zitayenda bwino, mwayi weniweni wa Joe unali wa 2018, chaka chake chachinayi, ndipo pofika nthawi imeneyo sukuluyo ikanakhala italemba maquarterback ena atsopano, chifukwa imalemba mmodzi pafupifupi chaka chilichonse. Lembani mayina onse a m'chipinda cha maquarterback, pambali pa dzina lililonse ikani chaka chimene ufulu wake uthere, kenako onjezani mizere yopanda mayina ya amene adzabwere pambuyo pa mwana wanu. Mizere yopanda mayinayo ndi imene makolo amaiwala.

Mu 2015 Joe anaikidwa pa redshirt. Lamulo la nthawiyo linali lakuti wosewera ali ndi zaka zisanu zoti aseweremo masizoni anayi, ndipo wotchi imayamba kuyenda tsiku limene walembetsa maphunziro athunthu pa koleji iliyonse. Siima ngakhale munthu asinthe sukulu. Redshirt ndi kutenga chaka chapaderacho koyambirira: umachita zokonzekera zonse, umanyamula zitsulo, umaphunzira buku la masewero, koma sulowa m'bwalo. Nthawi imeneyo kulowa kamodzi kokha kunkadya sizoni yonse. Kuyambira 2018 analola masewero anayi osataya chakacho.

Mu 2016 anali wachiwiri kwa Barrett. Anaponya ka 28, mipira 22 inafika, matouchdown awiri, zonsezo kumapeto kwa masewero amene anali atapambanidwa kale. Moyo wa wachiwiri ndi wolemera mwa njira yake. Amadzuka mmamawa mofanana ndi woyamba, amakhala pa misonkhano yonse, amaloweza dongosolo lonse la sabata imeneyo, koma pa zokonzekera mipira yambiri imapita kwa amene adzasewere Loweruka. Lamulo limati maola 20 pa sabata, koma filimu imene munthu amaonera yekha, chithandizo cha minofu ndi maulendo sizilowa m'maola amenewo. Chaka chomwecho kunafika Dwayne Haskins wa ku Maryland, mnyamata wa mkono wamphamvu kwambiri, ndipo mu 2017 kunabweranso Tate Martell.

Kenako mu Ogasiti 2017, pa zokonzekera, sizoni itatsala pang'ono kuyamba, Joe anathyoka fupa la m'dzanja lamanja, loponyera, ndipo anachitidwa opaleshoni. Kunali kuvulala kwa masabata ochepa chabe, koma kunagwa pa nthawi yoipa. Mmene iye anali ndi bandeji, mipira yonse ya wachiwiri inkapita kwa Haskins, ndipo makochi anaona zimene anali asanazione mokwanira. Dzanja loponyera silichira tsiku limene dokotala wanena kuti fupa lalumikizana. Mphamvu yogwira mpira imabwerera pang'onopang'ono, ndipo munthu akathamangira kuponya chala chisanalimbe, mpira umatuluka ukugwedezeka, iye nkuyamba kusintha kaponyedwe kuti abise ululu, nkuyambitsa vuto lina m'chigongono kapena m'phewa. Chovuta nchakuti wosewera amene akuona malo ake akutengedwa sangavomere kuti akumva kuwawa. Pamenepa mpamene kholo liyenera kulankhula ndi madokotala a timu, ndipo ngati pali chikayiko, kupempha kuti dokotala wina aonenso.

Tsiku limene nkhani inatembenuka linali 25 Novembala 2017, ku Ann Arbor, pa masewero a Ohio State ndi Michigan, amene kwa anthu a kumeneko amaposa ena onse. Barrett anavulala bondo m'chigawo chachitatu timu ikutsalira 20 kwa 14. Joe anali atachira, atavala, ali chiimire pambali. Amene analowa anali Haskins, ndipo Ohio State inapambana 31 kwa 20. Mnyamata amene wadikira zaka zitatu akaona zotere, amayenera kusangalala ndi anzake uku mumtima akudziwa kuti mwayi wake wadutsa pamaso pake. Ine ndimaona kuti palibe tsiku lina mu nkhani yonseyi lowawa kuposa limeneli. Iye mwini anadzaulula pambuyo pake kuti pa nthawi ina ankaganiza zoti mapeto ake akagwira ntchito ya zachuma.

M'Malichi ndi Epulo 2018, pa zokonzekera 15 zimene lamulo limalola, analimbana ndi Haskins ndipo anachita bwino. A Meyer sanalengeze wopambana, koma mphepo inkaoneka kumene ikulowera. Ndipo tinene chilungamo: makochiwo sanalakwitse mwauchitsiru. Haskins anaponya matouchdown 50 mu 2018 nkukhala wachitatu pa mavoti a Heisman. Munthu akhoza kukhala katswiri weniweni koma nkukhalabe wachiwiri, chifukwa chakuti pa sukulu imodzi pakumana akatswiri awiri.

Lamulo la nthawiyo linali lolimba. Wosewera wochoka pa sukulu ya gulu lapamwamba kupita pa ina ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera. Wotchi ya Joe inayamba mu 2015, ndiye inkathera mu 2019. Akanasamuka mwa njira wamba, 2018 ikanapita pachabe, nkumutsalira sizoni imodzi yokha. Koma panali khomo lina: amene wamaliza digiri yoyamba ankaloledwa kusamuka nkusewera nthawi yomweyo akuchita maphunziro apamwamba. Joe anali atamaliza digiri ya consumer and family financial services m'zaka zitatu, mu Meyi 2018. Anachoka ali ndi masizoni awiri athunthu m'manja, ndipo muona kuti popanda yoyambayo yachiwiriyo sikanatheka.

Kumaliza m'zaka zitatu sikuchitika mwangozi. Digiri yambiri ya ku America imafuna makirediti pafupifupi 120. Wosewera amaloledwa kusewera ndi makirediti 12 pa semesita, ndipo anyamata ambiri amangotenga 12 omwewo, zimene zimapereka 24 pa chaka, zaka zisanu kuti amalize. Wofuna zaka zitatu amafunika pafupifupi 40 pa chaka: 15 kapena 16 pa semesita iliyonse, otsalawo nkuwatenga mu Juni ndi Julayi, pamene osewera amakhala ali kale pa sukulu kunyamula zitsulo. Makirediti a koleji amene mwana angapeze akadali ku sekondale, kudzera mu mayeso a AP (Advanced Placement) kapena maphunziro ogwirizana ndi koleji yapafupi, amafupikitsanso njira. Zimene zimasokoneza nzodziwika: kusintha phunziro lalikulu chaka chachiwiri, kusiya kalasi pakati pa semesita, ndi kusankha phunziro limene makalasi ake a mu labu amagundana ndi nthawi ya zokonzekera masana. Mlangizi wa maphunziro wa timu ntchito yake yaikulu ndi kuonetsetsa kuti mnyamata akhale wololedwa kusewera. Ngati mukufuna kuti amalize msanga, muyenera kunena zimenezo semesita yoyamba, nkupempha ndondomeko yolembedwa ya zaka zitatu.

Atalengeza kuti akuchoka, anayendera masukulu awiri. Cincinnati inali pafupi ndi kwawo ndipo kochi wake, a Luke Fickell, ankamudziwa kuyambira ku Ohio State. LSU inali kutali, ku Baton Rouge m'chigawo cha Louisiana, mu ligi ya SEC yovuta kuposa onse, pansi pa a Ed Orgeron, ndipo inali yodziwika ndi kukhala ndi olandira mpira aluso koma osowa wowaponyera. Nebraska inamukananso kachiwiri. Anasankha LSU. Ulendo uno masamu aja anali omukomera: panalibe aliyense amene anali atakhazikika pa malowo. Mu Ogasiti, Justin McMillan ndi Lowell Narcisse anachoka, ndipo Myles Brennan anakhala wachiwiri.

Sizoni ya 2018 anthu amaidumpha akamafotokoza za Burrow, koma ndi imene ikusonyeza mtengo weniweni wa kusamuka. Anafika mu Juni, zokonzekera za Malichi ndi Epulo zitapita, asakudziwa buku la masewero ngakhalenso kathamangidwe ka olandira mpira. Pa masewero oyamba, ndi Miami, mipira 11 yokha mwa 24 ndi imene inafika, ngakhale anapambana 33 kwa 17. Anagonjetsa Auburn 22 kwa 21 ndi Georgia 36 kwa 16, koma anagonja ku Florida 27 kwa 19, ndipo Alabama inawaswa pa bwalo la LSU 29 kwa 0. Ndi Texas A&M anasewera nthawi yowonjezera kasanu ndi kawiri nkugonja 74 kwa 72. Anamaliza ndi mayadi 2,894, matouchdown 16, mainterception 5, ndipo mipira 57.8 mwa 100 iliyonse ndi imene inkafika. Amenewa ndi manambala a munthu wapakatikati. Ikanakhala sizoni yake yomaliza, akanasankhidwa kumapeto kwenikweni mu NFL, ngati akanasankhidwa nkomwe.

Zifukwa zake zinali ziwiri. Choyamba, kuponya kwa mulingo umenewu kumadalira nthawi: mpira umachoka m'dzanja wolandira asanatembenuke, ndiye woponya ayenera kudziwa kuti uyu amakhota pa sitepe yachingati, uyo amachedwa bwanji akakankhidwa poyambira. Zimenezi zimabwera ndi kubwereza kambirimbiri, ndipo miyezi iwiri sikwanira. Chachiwiri, kaseweredwe ka LSU kanali kachikale. Kawirikawiri Burrow ankaima kuseli kwenikweni kwa center, anthu asanu ndi awiri nkutsala kumuteteza, olandira mpira awiri kapena atatu okha nkupita kutsogolo kumene kunali otchinga ambiri kuposa iwo. Munthu amene mphatso yake ndi kuwerenga bwalo mwamsanga analibe zambiri zoti awerenge.

Pa 1 Januwale 2019, mu Fiesta Bowl, masewero otsekera sizoni, ndi yunivesite ya Central Florida (UCF), anaponya interception imene inabwezedwa mpaka touchdown, ndipo akuthamangitsa wobayo anagundidwa mosayembekezera nkugwa chagada. Anadzuka, nkuponya matouchdown anayi ndi mayadi 394, LSU nkupambana 40 kwa 32. Mwezi womwewo a Orgeron analemba ntchito Joe Brady, mphunzitsi wachinyamata wochokera ku New Orleans Saints, timu ya mu NFL, kuti athandizane ndi a Steve Ensminger. Anasintha maziko onse. Burrow anayamba kuima mayadi angapo kumbuyo kwa center, oteteza anatsala asanu okha nthawi zambiri, ndipo anthu asanu ankapita kukalandira mpira atamwazikana bwalo lonse. Adani akatumiza munthu wowonjezera kudzamugwetsa, zinali kwa iye kuona mpata umene munthuyo wasiya nkuponyamo mpira asanafike. Kaseweredwe kameneka kamapha quarterback wochedwa kuganiza, koma iye kanamukwana ndendende. Mnyamata akamasankha sukulu aziyang'ana chimenechi koposa mtundu wa yunifolomu: atenge filimu ya timuyo, awerenge kuti ndi angati amatsala kuteteza, angati amapita kukalandira, ndiponso ngati quarterback amaloledwa kusintha sewero ataona mmene adani aimira.

Miyezi ya pakati pa chaka cha 2019 anaithera kuponyerana ndi Ja'Marr Chase, Justin Jefferson, Terrace Marshall ndi anzawo, amene anadziikira cholinga chowakha mipira 10,000 sizoni isanayambe. Maphunziro ake apamwamba ankachitira pa intaneti, ndiye nthawi yambiri inkathera mu chipinda cha filimu. Apanso digiri ija inali ikumulipirabe. Bambo ake anapuma pa ntchito ku Ohio University kuti athe kuonera masewero onse a chaka chomaliza cha mwana wawo, chifukwa mphunzitsi wa mpira Loweruka lililonse amakhala pa bwalo lake.

Zimene zinatsatira zinayenda mofulumira. Ku Texas, masewero atatsala pang'ono kutha ndipo akufunika mayadi 17 pa mwayi wachitatu, anazemba omugwetsa nkuponyera Jefferson touchdown ya mayadi 61, nkupambana 45 kwa 38. Alabama, imene inawatseka chaka chapitacho, anaigonjetsa pa bwalo la Alabama 46 kwa 41. Georgia inagwa 37 kwa 10. Ndi Oklahoma anaponya matouchdown 7 theka loyamba lokha, mathero 63 kwa 28. Pa 13 Januwale 2020 ku New Orleans, mu ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse, Clemson inatsogola 17 kwa 7, koma LSU inapambana 42 kwa 25 ndi kumaliza sizoni osagonja masewero onse 15. Chaka chimenecho anaponya mayadi 5,671, matouchdown 60, mainterception 6, ndipo mipira yofika inakwera kufika pa 76.3 mwa 100.

Polandira Heisman mu Disembala 2019, ndi mavoti oyamba 841, analira pothokoza a Orgeron pomupatsa mwayi atakhala zaka zitatu osasewera. Anatchulanso za umphawi wa ku Athens County ndi ana amene amaweruka ku sukulu nkukapeza kunyumba kulibe chakudya chokwanira. Anthu atamva anasonkhera nkhokwe ya chakudya ya m'deralo madola oposa 500,000. Mwezi womwewo anamaliza digiri yake yachiwiri, ndipo mu Epulo 2020 timu ya mu NFL ya Cincinnati Bengals inamusankha koyambirira.

Malamulo asintha kwambiri chichokereni nthawi imeneyo. Transfer portal, kaundula wa pa intaneti wa osewera ofuna kusintha sukulu, inatsegulidwa mu Okutobala 2018, mu 2021 analola kusamuka kamodzi osakhala chaka, ndipo kuyambira 2024 munthu akhoza kusamuka kangapo bola maphunziro ake ali bwino. Kuyambira Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo, ngakhale amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 amamangidwa ndi malamulo a viza okhudza ntchito. Ndiye khomo limene Burrow anatulukira lero ndi lotseguka kwa aliyense, koma mitengo yake ilipobe. Mnyamata akangolowetsa dzina mu portal, sukulu yake ili ndi ufulu womuchotsera sikolashipi semesita ikatha, ndipo si onse olowamo amene amapeza kwina. Makirediti ena sawerengedwa pa sukulu yatsopano, kotero wosamuka kawiri asanamalize digiri akhoza kuthera ufulu wake wosewera pepala alibe. Komanso khomo lomwelo limalowetsa anthu: amene wadikira moleza mtima akhoza kudzuka nkupeza kuti kochi wabweretsa quarterback wokhwima kale wochokera kwina. Malamulowa amasinthidwa pafupipafupi, choncho musanachite chilichonse pitani ku ofesi ya compliance ya sukuluyo, yoona za malamulo a NCAA, mukafunse la chaka chimenecho, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Amene Burrow anawapeza ku LSU njira zawo zinasiyana. McMillan anapita ku Tulane ali ndi digiri yake, nkukhala quarterback woyamba kumeneko kuyambira pakati pa sizoni ya 2018 mpaka 2019. Brennan anasankha kudikira. Anayamba masewero atatu oyambirira a 2020 ndipo anaponya matouchdown 11, kenako anang'ambika minofu ya pamimba pa masewero ndi Missouri, sizoni nkuthera pomwepo. Mu 2021 anathyoka mkono wamanzere zokonzekera zisanayambe. Analowa mu portal, nkubwerera atapemphedwa ndi kochi watsopano, a Brian Kelly, koma mu Malichi 2022 kunafika Jayden Daniels kuchokera ku Arizona State. Mu Ogasiti chaka chomwecho, m'chaka chake chachisanu ndi chimodzi pa sukulupo, Brennan anasiya mpira.